Kuchapa ndi Kukolopa: Mtengo Muuike Bwanji?

Chilala cha 2024 chinatikumbutsa cha 1992. Chimanga chinauma chisanabereke, ndipo mabanja ambiri kuno kwa Mfumu Mnkhanya anayamba kufuna ndalama kwina. Amayi ena anayamba kuchapa zovala ndi kukolopa m'nyumba za aphunzitsi, anamwino ndi anyamata ogwira ntchito m'malodji a ku Mfuwe. Mpamba wa ntchitoyi ndi wochepa: beseni, ndowa, tsache ndi simbi ya makala. Pamene ambiri amagwa ndi pa mtengo.

Ndikamayendera magulu ndimamva mawu amodzimodzi: "Ndinangowauza kuti andipatse iliyonse imene ali nayo." Mayi, mukatero mwagwira ntchito yathangata. Gwirizanani mtengo chovala chisanalowe m'madzi.

Tiyerekeze kuti mwalandira zovala zodzaza ndowa ziwiri. Sopo wa Boom watha wa K15, makala a K10. Ndiye kuti K25 yatuluka kale m'thumba mwanu. Ngati mumasonkha ndalama ya mwezi ku komiti ya mjigo, ikanipo kagawo kake, pakuti madzi nawonso sabwera okha. Tsono dzifunseni: ganyu wopalira tsiku lonse amalipira zingati m'mudzi mwanu? Ngati kuchapa, kuyanika ndi kusita kwakudyerani theka la tsiku, onjezerani theka la ndalama imeneyo. Mtengo wanu usatsike kuposa pamenepo. Bulangete ndi ovolosi ya mafuta ya amakaniko zikhale ndi mtengo wakewake, chifukwa zimatha sopo, zimathanso msana. Nyumba musaitchulire mtengo musanaione. Zipinda ziwiri za mbeta sizifanana ndi zipinda ziwiri za ana asanu.

Nanga makasitomala muwapeza bwanji? Musathamangire ku malodji. Kawirikawiri iwo amakhala ndi ochapa awo olembedwa ntchito. Yambani ndi munthu mmodzi wapafupi, mumugwirire bwino, iye adzauza mnzake. Ndalama imene mwaipeza m'thumba la buluku muibweze, ngakhale K2. Mbiri yotere imayenda msanga kuposa chikwangwani.

Kusita musakuone ngati ntchito yongokongoletsa. Pali ntchentche imene imaikira mazira pa zovala zonyowa, makamaka zoyanikidwa pansi kapena pamthunzi, ndipo mphutsi yake imalowa pakhungu nkutupa ngati chithupsa. Simbi yotentha imapha mazirawo. Yanikani pachingwe padzuwa, sitani mpaka m'misoko, ndipo muwafotokozere makasitomala anu chifukwa chake. Munthu amene anafinyapo mphutsi pamsana pa mwana wake sadzakangana nanu za ndalama ya makala.

Kumbukiraninso nyengo. Alendo oona nyama amachuluka kuyambira June mpaka October. Mvula ikagwa misasa yambiri yam'tchire imatsekedwa, antchito ake nkubwerera kwawo, nthawi yomwe njala imavuta kwambiri pakhomo. Choncho musataye aphunzitsi ndi anamwino ngakhale apereke pang'ono, pakuti iwo amakhala chaka chonse. Ambiri a iwo amalipira mwezi ukatha. Gulani kope, lembani tsiku ndi chiwerengero cha zovala iwo akuona, ndipo ngongole isadumphe mwezi. Wachibale akabweretsa zake, mukhoza kumukhululukira za thukuta lanu, koma sopo ndi makala abwere nazo yekha.