NYUMBA ZA KHONSOLO ZOPANDA ANTHU: PHUNZIRO LA KU IRELAND

Dziko la Ireland liri pa chilumba cha kumadzulo kwa Britain, ndipo mzinda wache waukulu ndiwo Dublin. Kumeneko Makhonsolo amamanga nyumba zokhalamo anthu amene sangathe kugula zao. Nchito imeneyi njakale ndithu. M'chaka cha 1883 padaikidwa lamulo lakuti anthu ogwira nchito m'minda ya eni awamangire tinyumba, kanyumba kali konse ndi kamunda ka theka la ekala. Kuyambira 2014 m'dzikomo muli Makhonsolo 31, ndipo wokhala m'nyumba ya Khonsolo amalipira lendi monga mwa ndalama zimene banja lache lipata.

NYUMBA IKAKHALA YOPANDA MUNTHU

Wokhalamo akamwalira kapena akasamuka, nyumba ibwerera m'manja a Khonsolo. Pamenepo pakhala zotayika zitatu. Choyamba, lendi sialowanso. Chachiwiri, nyumba iyamba kuonongeka: chinyontho chilowa m'zipupa, ndipo pa nyengo ya chisanu madzi amaundana m'mipope, mipopeyo niiphulika. Anthu oipa amaswanso mazenera ndi kuba mawaya, kotero kuti Khonsolo ikakamizidwa kutseka makomo ndi mazenera ndi zitsulo. Chachitatu ndicho chachikulu: banja lina liri kudikira. M'chaka cha 2023 mabanja oposa 58,000 anali pa mndandanda wa ofuna nyumba zotere.

NDALAMA ZICHOKERA KUTI?

Kukonza nyumba zache ndi udindo wa Khonsolo, ndipo ndalama zache ziyenera kuchokera m'malendi. Koma chuma cha Ireland chitagwa m'chaka cha 2008, Makhonsolo ambiri adasowa ndalama, ndipo nyumba zotsekedwa zidachuluka. Chifukwa chache m'chaka cha 2014 Boma lidayamba chithandizo chochedwa Voids Programme. Khonsolo imalemba nyumba zache zopanda anthu, niitumiza kalata ku Unduna woona za nyumba. Unduna ukavomera, Khonsolo ikonza nyumbazo ndipo Boma libweza gawo la ndalama. Mu July 2020 Boma lidaonjezapo ma euro 40 miliyoni kuti akonze nyumba 2,500.

NCHITO YOKONZA

Poyamba munthu wa Khonsolo ayendera nyumba yonse nalemba zoonongeka. Atatero adza amisiri. Wa magetsi ayesa mawaya, wa mipope ayang'ana madzi ndi makina otenthetsa nyumba, kalipentala akonza zitseko ndi makabati a kukhichini, ndipo potsiriza apaka penti. Zonse zikatha, Khonsolo iitana banja lochokera pa mndandanda uja niilipatsa makiyi.

CHIFUKWA NINJI AMACHEDWA?

Bungwe la Boma loyang'anira nchito za Makhonsolo, lochedwa National Oversight and Audit Commission, limawerenga masiku amene apita kuchokera potuluka munthu kufikira polowa wina. M'chaka cha 2022 lidapeza kuti, pogawa mofanana m'dziko lonse, nyumba imodzi inali kukhala yopanda munthu masabata oposa 30. Zochedwetsa nzodziwika. Amisiri ngosowa, banja losankhidwa nthawi zina likana nyumbayo, ndiponso nyumba imene idakhala zaka zambiri osaikonza ifuna nchito yaikulu pa nthawi imodzi.

Tsono m'chaka cha 2021, m'chikonzero chache chochedwa Housing for All, Boma lidati Makhonsolo aziyendera nyumba zao zonse anthu ali momwemo, nalembe tsiku loyenera kukonza denga, mazenera ndi zina, osadikira kuti wokhalamo ayambe wachoka.

PHUNZIRO LACHE

Kukonza nyumba yakale kutha msanga ndipo sikudya ndalama zambiri monga kumanga yatsopano, pakuti malo, maziko ndi mseu ziripo kale. Koma phindu limeneli lichepa sabata iri yonse imene nyumba ikhala yotseka. Mwini nyumba wanzeru apatula kandalama pa lendi ya mwezi uli wonse, nakonza pamene padontha mvula isanagwetse chipupa.

MAFUNSO OKAMBIRANA

1. Kodi zotayika zitatu za nyumba yopanda munthu nziti?
2. Kodi ndalama zokonzera zichokera kwa yani?
3. Chifukwa ninji kuli bwino kukonza nyumba munthu akali momwemo?