Gulu la Osamalira Odwala Matenda a Parkinson

Mwina pa laini panu kapena kumudzi kwanu kuli gogo amene dzanja lake limanjenjemera ngakhale atangokhala phee. Poyenda amakhwekhwereza mapazi, msana uli chowerama, nkhope ili gwa. Ena amati waledzera. Ena amafika pomunena ufiti, chinthu chomwe lamulo la dziko lino limaletsa. Zizindikiro zotere nthawi zambiri zimakhala za matenda a Parkinson.

Dzinali ndi la dokotala wa ku London, James Parkinson, amene anawafotokoza mu 1817. Amayamba pamene tizigawo tina ta mu ubongo, topanga dopamine, tikufa pang'onopang'ono. Sapatsirana. Sachizika, koma mankhwala monga levodopa amachepetsa kuuma kwa thupi ndi kunjenjemera.

Nanga amene akusamalira gogoyu, akumusamalira ndani? Taganizirani mayi wothyola tiyi ku Satemwa kapena ku Conforzi. Asananyamule dengu ayenera kusambitsa apongozi, kuwaveka ndi kuwadyetsa phala. M'dzinja, masamba akachuluka, ndi pomwe makilo amakwera, ndipo kujomba tsiku limodzi ndi ndalama yotayika. Usiku adzukanso kukawatembenuza pamphasa. Munthu wotere amatha mphamvu, amapsa mtima, kenako n'kumadziimba mlandu.

Kuno ku Thyolo nzeru ya magulu si yachilendo. Mu 2012 a MSF ndi Unduna wa Zaumoyo anayambitsa timagulu ta anthu omwa ma ARV, nzeru yomwe inayambira ku Tete mu 2008. Mmodzi amapita kuchipatala kukatengera anzake mankhwala, ulendo wotsatira n'kupita wina. Osamalira odwala Parkinson angachitenso mofanana. Mabanja angapo amagwirizana tsiku lokumana, kaya Lamlungu potuluka m'tchalitchi. Amagawana masiku okhala ndi wodwala. Amasonkha kangachepe, monga ku banki mkhonde, kuti pa tsiku lopita ku chipatala cha boma cha Thyolo, ku Malamulo kapena ku Queens thiransipoti isavute. Ndalamayi ilembedwe m'kope, msungichuma asamaisunge m'mutu.

Pagulu munthu amanenanso zomwe sanganene kwa achibale: "Ine ndatopa, dzulo ndinawakalipira amayi." Anzake samudabwa, chifukwa nawonso zinawachitikirapo. Zokambidwa pamenepo zithere pomwepo, zisakamveke ku sikelo.

Tsono mverani bwino nkhani ya mankhwala. Levodopa amafuna nthawi yake yeniyeni. Akachedwa, wodwala amauma, mwina kulephera n'kudzuka komwe. Choncho amene watsala ndi wodwala adziwe ola lake, ndipo ngati pali foni, ikani alamu. Musasiyitse mankhwala mwadzidzidzi, ngakhale wina atakuuzani kuti kuli sing'anga kapena mneneri wodziwa. Kutero n'koopsa kwambiri. Musabwerekane mapiritsi ndi banja lina, poti aliyense ali ndi mlingo wake. Akatsala pang'ono kutha, konzekerani ulendo nthawi ikadalipo.

Pa chakudya, wodwala mukhazikeni tsonga. Nsima ikhale yofewa, mbamu zing'onozing'ono, ndipo musamufulumizitse, chifukwa odwalawa amatsamwa msanga. Pafupi ndi moto asakhale yekha.

Poyambitsa gulu, kambiranani ndi mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu. Itananinso abambo ndi anyamata, chifukwa kudzutsa munthu wamkulu pansi kumafuna mphamvu, ndipo ntchitoyi yakhala ikusiyidwira amayi okha.