Madzi Oyenda Asunga Nsomba

Alimi amene afikako ku Lusaka aona nsomba zowetedwa m'mabokosi a galasi m'nyumba za ku Woodlands ndi Kabulonga, ndipo ena ayesa kuweta zao m'thanki kumudzi. Kawirikawiri nsombazo zimafa ngakhale cakudya cilipo. Cimene cizipha ndi madzi oima.

Nsomba ipuma mpweya wa m'madzi. Madzi akangokhala cete mpweyawo utha, makamaka usiku. Mukaona nsomba zili kukamwa yasa pamwamba pa madzi mbandakuca, dziwani kuti imfa yayandikira.

Citani motere. Boolani mgolo kunsi, muuike pa thandala pamwamba pa thanki. M'katimo muyambe ndi miyala, pamwamba pake makala otsuka bwino, kenaka mcenga wa kumtsinje. Tungani madzi a pansi pa thanki, kumene zonyansa zidikha, muwathire mumgolo. Potsika asefedwa, ndipo pogwera m'thanki atenga mpweya watsopano. A m'tauni akweza madziwo ndi pampu ya magetsi. Koma m'caka ca 2024, madzi atacepa ku Kariba, magetsi anali kuzima maola ambiri pa tsiku, mapampu naima. Inu gwirani cidebe, muthire m'mawa ndi madzulo osalumpha.

Madzi a pampopi, monga a ku Kabwata ndi Chelstone, ali ndi mankhwala a chlorine amene apha nsomba, ndiponso tizilombo tabwino tokhala pa miyalayo, timene tidya zonyansa. Madziwo agone m'cidebe cosavundikira masiku 2 asanalowe m'thanki. Sabata iliyonse cotsani gawo limodzi mwa magawo 4 a madzi akale, mukathirire ndiwo kudimba.