Musanagule Nyumba, Kaoneni Deralo Mvula Ikugwa

Wogulitsa nyumba amakonda kukuitanani mu Ogasiti kapena Seputembala, misewu ili gwa, ngalande zili zouma. Pitani mukaone, koma ndalama musatulutse. Mukabwererenso mu Januwale kapena Febuluwale, m'mawa woti mvula yachezera usiku wonse. Denga lodontha mmisiri amalikonza tsiku limodzi, pomwe nyumba yomangidwa panjira ya madzi palibe angaisunthe.

Izi sindikunena mwachibwana. Mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atafika ku Blantyre, matope ndi miyala zinatsetsereka kuchokera m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe ndi ku Manja, anthu ambiri n'kufera m'kati. Ku Lilongwe nako mtsinje wa Lingadzi unasefukirapo mpaka kulowa m'nyumba za ku Mtandire. Choncho mukafika pa nyumba imene mukufuna kugula, maso akhale pansi. Mzere wa matope pakhoma la mpanda ukuuzani pomwe madzi anafika chaka chatha. Matumba a mchenga pakhomo la oyandikana nawo sanaikidwe kuti akongoletse. Penti yatsopano m'munsi mokha mwa khoma nthawi zambiri imabisa chinyezi. Mukaona mabango kapena madimba pafupi, dziwani kuti malowo ndi dambo, ndipo dzenje la chimbudzi lizidzaza madzi dzinja lililonse.

Ejenti amadya pa malondawo, ndiye mafunso enieni akafunseni amene alibe phindu. Safunsa anadya phula. Amayi otunga madzi akuuzani masiku amene mpopi umatulutsa madzi pa sabata, komanso ngati amabwera masana kapena pakati pa usiku. Funso limeneli n'lofunika kwambiri m'madera okwera a Blantyre, poti madzi ambiri a mzindawu amachita kupopedwa kuchokera kumunsi, mumtsinje wa Shire ku Walker's Ferry. Anyamata a kabaza pasiteji amadziwa njira imene anthu amalandidwa mafoni kukada, ndi mlatho umene suwolokeka mvula ikagwa.

Nyumba yotchipa yakutali imabweza mtengo wake pa minibasi. Dzukani m'mamawa tsiku la ntchito, mukwere kuchokera kumeneko mpaka kuntchito kwanu. Ngati mpaka mukwere ziwiri, chulukitsani ndalamayo ndi masiku a mwezi wonse, muwonjezere ya ana opita kusukulu. Ganizirani za wodwala usiku: galimoto ingafike pakhomo? Lachisanu madzulo mukayendenso, mumve phokoso la m'mabala.

Kenaka nkhani ya mwini nthaka. M'mizinda mwathu malo ena ndi a khonsolo, ena a Malawi Housing Corporation, ena a Unduna wa za Malo, ndipo m'mphepete mwa mzinda alipo amene amagawidwa ndi mafumu. Kakalata kolemba pamanja, ngakhale kali ndi chidindo cha amfumu, sikakutetezani ngati malowo anawaikira msewu kapena ali pansi pa mawaya akuluakulu a ESCOM. Tengani nambala ya poloti mupite nayo ku ofesi ya za malo, akuonetseni dzina lolembedwa m'kaundula, ngati nyumbayo sinaikidwe chikole kubanki, ndi zaka zotsala pa lizi, poti malizi ambiri a malo okhalapo amakhala a zaka 99. Dzina la m'kaundula likasiyana ndi la pachitupa cha amene akugulitsayo, bwererani ndi ndalama zanu kufikira atabweretsa mwini wake.