Funsani Akuluakulu Akadali Moyo

Adzukulu anga, m'mabanja ambiri muno m'Malawi munali munthu amene anapita kunkhondo, koma dzina lake likuiwalika chifukwa palibe amene anafunsa. Funsani lero, poti odziwa nkhanizi akutha mmodzimmodzi.

Yambani ndi kudziwa kuti inali nkhondo iti. Akatchula Chiwaya, ndi ija ya 1914 mpaka 1918, imene inafika pa Karonga mu September 1914 Ajeremani atalowa kuchokera kumpoto. Akatchula Keyala, akunena gulu la King's African Rifles la ku Zomba. Pa nkhondo ya 1939 mpaka 1945, anyamata athu anakamenya ku Somaliland, Ethiopia, Madagascar ndi m'nkhalango za ku Burma. Ena anapita ku Malaya m'zaka za m'ma 1950. Enanso, amene tikuyenda nawo mpaka lero, analondera njanji ya ku Nacala pa nkhondo ya ku Mozambique.

Musafunse za ogwira mfuti okha. Pa Chiwaya, atengatenga anali ochuluka kuposa asilikali. Ambiri anatengedwa mokakamiza, nasenza ufa ndi zipolopolo mpaka kufa ndi njala ndi kamwazi, ndipo manda awo sadziwika. Funsaninso za amayi amene anatsala akulima okha ndi ana kumsana. Amenewonso nkhondo inawapweteka.

Mukapita kwa agogo, khalani pansi mwaulemu, musathamange. Musafunse kuti anapha anthu angati. Funsani kumene analembedwa usilikali, mmene anayendera, dzina la mnzawo wapamtima, ndi zimene anapeza pakhomo atabwerera. Akangoti zii, asiyeni. Mudzabwerenso tsiku lina. Akalola, jambulani mawu awo pafoni, kenako lembani m'kope, chifukwa foni imatayika.

Mamendulo, zithunzi ndi makalata musagulitse, ngakhale ndalama itavuta chotani. Mamendulo ambiri a nkhondo ya Chiwaya ali ndi dzina ndi nambala ya msilikali m'mphepete mwake, ndipo nambala imeneyo ndiyo poyambira mukamafufuza mbiri yake.

Mwezi wa November ukafika, pitani kuchipilala chokumbukira asilikali cha ku Zomba kapena cha ku Area 18 ku Lilongwe, mukaime nawo chete. Koma nkhata ya maluwa sifolera denga. Ngati m'mudzi mwanu muli msilikali wokalamba kapena mkazi wake wamasiye, katungireni madzi, kawazireni nkhuni, muwaperekeze kuchipatala. Ulemu umakoma mwini wake akuuona ndi maso.