Za Mkonono ndi Zida Zovala M'kamwa Pogona



Mkonono ndi chinthu chimene mwini wake sachidziwa, pakuti pamene anzake akutembenukatembenuka pamphasa kusowa tulo, iye ali kutali m'maloto, ndipo kukacha akamuuza amakana kwamtuwagalu. Chifukwa chake mawu awa tikulembera makamaka inu wogona pambali pake, amene ndinu mboni yokhayo ya zochitika usiku.

Munthu akagona tulo, minofu ya lilime ndi ya kummero imalefuka, nsagwada ya m'munsi pamodzi ndi lilime zimabwerera m'mbuyo, makamaka iye akagona chagada, ndipo mpweya, posowa njira yotakasuka, umadutsa mopanikizika n'kumagwedeza nyama yofewa ya kumapeto kwa m'kamwa. Kugwedezeka kumeneko ndilo phokoso limene limamveka mpaka kuseri kwa khoma. Mowa wa madzulo, fodya, kunenepa kwa khosi ndi mphuno zotsekeka, zonsezi zimathira nkhuni pamoto.

Koma musanatulutse ndalama kugula chida chilichonse, khalani maso usiku umodzi, mumvetsere. Ngati mkonono ukuyenda mosadukiza ngati mtondo wa m'mawa, ndipo mwini wake amadzuka ali wamphamvu, vutolo n'lopepuka. Koma ngati phokosolo limaduka mwadzidzidzi, m'nyumba n'kukhala zii kwa masekondi 10 kapena kupitirira, kenaka munthuyo n'kudzidzimuka akubanika monga womira m'madzi; ngati m'mawa mutu umamupweteka, masana amaodzera pamsonkhano, m'tchalitchi, ngakhale ali pachiwongolero; pamenepo si mkonono wamba ayi, koma nthenda imene madokotala amaitcha sleep apnea, ndiko kuleka kupuma m'tulo. Iwo amawerenga kuti kupuma kwaduka kapena kuchepa kangati pa ola limodzi: kuyambira ka 5 amati nthenda ilipo, ndipo kukafika ka 30 amati yakula. Nthendayi imayenda limodzi ndi kuthamanga kwa magazi, matenda a mtima ndi sitiroko. Wotere apite kuchipatala, pakuti chida cha m'sitolo chingathe kutontholetsa phokoso koma kubanika kuli chikhalire, monga phulusa lophimba khala lamoto. Kwa amene nthendayi yawakulira, chithandizo chodalirika ndi makina a CPAP, opemerera mpweya m'mphuno usiku wonse, amene dokotala Colin Sullivan wa ku Sydney anawadziwitsa ku dziko m'chaka cha 1981.

Tsono kwa iye wa mkonono wamba, kapena amene dokotala wamupima n'kumulola, zida zovala m'kamwa zili za mitundu iwiri, ndipo chosankha pakati pake si thumba la ndalama lokha, koma mano.

Mtundu woyamba ndi wokankhira nsagwada kutsogolo. Ndi kapulasitiki kovala pamano a m'mwamba ndi a m'munsi, kofanana ndi kamene amavala ankhonya, ndipo kamagwira nsagwada ya m'munsi itatsogola mamilimita owerengeka chabe; nsagwada ikatsogola, lilime limatsata, njira ya mpweya n'kutseguka. Nzeru imeneyi si ya dzulo, pakuti dokotala wa ku France, Pierre Robin, anapanga kale chida chotsogoza nsagwada m'chaka cha 1902. Za mtundu umenewu zina zimagulidwa m'masitolo a mankhwala kapena pa intaneti, ndipo kawirikawiri zimabwera m'zikwama za abale ochokera ku Joni kapena ku Ulaya: mumaziviika m'madzi otentha kuti zifewe, n'kuziluma kuti zitenge maonekedwe a mano anu. Zina amapanga ndi dokotala wa mano, atayamba watenga chikombole cha mano anu, ndipo zambiri mwa izo zimakhala ndi posinthira, kuti nsagwada izitsogozedwa pang'onopang'ono pa masabata angapo kufikira mkonono utaleka popanda kupweteka.

Kunena mosapsatira, cha kwa dokotala chimaposa cha m'sitolo kutalitali, ngakhale mtengo wake ndi wowawa. Cha m'sitolo chimakoma pogula, koma chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere: nthawi zambiri chimakhala chachikulu m'kamwa, chimavuka pakati pa usiku n'kupezeka pansi pa bedi, ndipo sichifunsa ngati mano anu angathe kusenza katunduyo. Amene alibe njira ina angayesere chimenechi, makamaka chokhala ndi kabowo kopumirapo ndi posinthira, koma ayambe wakaonetsa mano ake kuchipatala cha mano. Paja safunsa anadya phula.

Pakuti chida chokankhira nsagwadachi chimatsamira pamano usiku wonse, chimafuna mano olimba okwana 8 kapena 10 m'mwamba, ndi ena otero m'munsi. Wa mano ogwedera, wa nkhama zotupa ndi zotuluka magazi, wa mano obooka osachiritsidwa, kapena amene polumikizira nsagwada pafupi ndi khutu pamamupweteka akamatafuna, asachivale konse.

Kwa otere, ndi kwa agogo ovala mano oikirira, kuli mtundu wachiwiri, wogwira lilime. Ndi kachikho kofewa kokhala kunja kwa milomo, kamene mumakafinya, n'kulowetsamo nsonga ya lilime, ndipo mukakasiya kamayamwa lilime n'kuligwira kuti lisabwerere kummero. Sikadalira mano, ndiwo ubwino wake. Koma ambiri amakataya asanakazolowere, chifukwa lilime limachita dzanzi, malovu amavuta kumeza, ndipo amene mphuno zake zimatsekeka sangakapirire.

Walira mvula walira matope. Masiku oyamba dovu limanyowetsa pilo, kwa ena m'kamwa mumauma, ndipo m'mawa nsagwada imalimba, mano n'kumakumana mwachilendo kwa kanthawi. Zimenezi kawirikawiri zimachepa pakapita masabata ochepa. Chimene sichimveka msanga ndi kusuntha kwa mano, kumene kumabwera mwakachetechete pa zaka, ndipo n'chifukwa chake wovala chida chokankha nsagwada ayenera kukaonana ndi dokotala wa mano kamodzi pachaka. Ululu ukapitirira kapena dzino likayamba kugwedera, lekani pomwepo.

Pali chinanso chosalira ndalama, chimene ndi bwino kuyamba nacho: amayi asokere kathumba kumsana kwa malaya ogonera a abambo, aikemo chitsononkho, ndipo iwo akafuna kugona chagada chidzawabweza chammbali osawadzutsa. Amayi nawonso amaliza mkonono, makamaka akasiya kusamba, tsono singano ndi ulusi zisaone nkhope.

Ana asavekedwe zida zimenezi, pakuti nsagwada ndi mano awo zikukula. Mwana woliza mkonono usiku uliwonse kawirikawiri amakhala ndi tinyama totupa kukhosi kapena kuseri kwa mphuno, ndipo malo ake ndi kuchipatala.

Inu wovala chida, m'mawa uliwonse tsukani chida chanu ndi mswachi wakewake, sopo pang'ono ndi madzi ozizira, pakuti madzi otentha amachipinda. Chiumitseni, muchisunge m'kabokosi kake patali ndi ana ndi agalu, ndipo musabwereke kapena kubwereketsa, ngakhale kwa mbale wanu wa bere limodzi. Pakatha mwezi, funsani wogona pambali panu ngati phokoso lachepa. Akati kubanika kukadalipo, tengani chidacho mupite nacho kwa dokotala.