Chiboliboli cha Bambo Serra chinalakwanji?

Funso: Ndinamva kuti ku America anthu anagwetsa chiboliboli cha wansembe amene Papa anamulengeza kuti ndi woyera. Kodi munthu wa Mulunguyu anawalakwira chiyani? — Mkatolika, Dedza

Yankho: Wansembeyo ndi Junípero Serra, wobadwira ku Mallorca mu 1713. Anafika ku California mu 1769 pamodzi ndi asilikali a Spain, nakhazikitsa mishoni zisanu ndi zinayi asanamwalire mu 1784. Papa Francis anamulengeza woyera mu 2015.

Nkhani yagona pa moyo wa m'mishonimo. Eni nthaka akabatizidwa sankaloledwa kubwerera kwawo mwakufuna kwawo. Wothawa ankasakidwa ndi asilikali, kubwezedwa n'kukwapulidwa, ndipo Serra ankavomereza chikoticho. Eni nthakawo ankagwira ntchito yakalavulagaga, ndipo ambiri anafa ndi matenda obwera ndi Azungu. Omuikira kumbuyo amakumbutsa kuti mu 1773 anapita ku Mexico City kukadandaula za atsogoleri a asilikali, komanso ankadzudzula nkhanza zawo kwa eni nthaka. Zimenezonso n'zoona.

Mu 2020, pa zionetsero zotsutsa tsankho zomwe zinabuka George Floyd ataphedwa, anthu anagwetsa ziboliboli za Serra ku San Francisco ndi Los Angeles, kenako pa 4 Julayi cha pabwalo la nyumba ya malamulo ku Sacramento. Mu 2023 boma la California linaimika pabwalopo chiboliboli cha William Franklin, mtsogoleri wa eni nthaka a mtundu wa Miwok.

Ine ndikuona kuti boma linachita bwino. Mpingo ulemekeze woyera wake m'tchalitchi, koma bwalo la boma ndi la onse, kuphatikizapo zidzukulu za okwapulidwa aja.